Msonkho wa nyumba: zimene anaona anthu a ku California kuyambira 1978

Lero sindilemba za feteleza kapena za mbozi zija zatisautsa m'dimba. Nkhani ya lero ndi ya kutali ndithu, koma pirirani nane, chifukwa kumapeto kwake ikufika pa msonkhano wathu wa Loweruka.

Sabata yatha kunabwera alamu anga a ku tauni kudzatenga thumba lawo la mtedza. Titakhala pakhonde anayamba kudandaula za ma city rates, msonkho uja amalipira eni nyumba ndi mapuloti m'mizinda. Akuti chaka chilichonse kalata ya khonsolo imafika osalephera, koma galimoto ya zinyalala siioneka, ngalande zinatsekeka kalekale, msewu wa kwawo ndi maenje okhaokha. Anati, "Alamu, msonkho umenewu angouchotsa basi. Nyumba ndinamanga ndekha ndi penshoni yanga, ndiye ndizilipiranso lendi ku khonsolo?" Ine ndinawamvetsa, chifukwa ndikudziwa mmene anavutikira kuti akhome malata aja.

Koma ndinaseka chamumtima, poti mawu omwewo ndakhala ndikuwamva kuno pa nkhani ya K500 imene khomo lililonse limasonkha pamwezi ya mjigo. Ena akuti ithe, madzi ndi a Mulungu. Usiku umenewo tulo tinandisowa, ndiye ndinauza mdzukulu wanga kuti andiikire bandulo ndifufuze ngati kuli malo kumene anthu anachitadi zimene alamu akufunazi. Malowo aliko, ndi California, ku America. Ndawerenga masiku angapo, ndipo ndikufotokozerani mmene ndamvera.

Ndiyambe ndi kuvomereza kuti ife mawu oti msonkho wa nyumba amatiwawa kuchokera kale. Atsamunda, nthawi ya Harry Johnston m'zaka za m'ma 1890, anaika msonkho wa masheleni 3 pa nyumba iliyonse, ndipo pambuyo pake unakwera. Cholinga china chinali choti makolo athu asowe pothawira, apite kukagwira ntchito m'maesiteti a azungu kuti apeze ndalamayo. Agogo anga aamuna ankatiuza mmene amuna ankagonera m'tchire akamva kuti amesenjala a msonkho ali m'mudzi wapafupi. Ndalama imeneyo inkapita ku Zomba, kuno sikunkatsala kanthu. Ndiye munthu wa kuno akamva za msonkho wa nyumba n'kuipidwa, sindimudabwa.

Wa ku America uja ndi wamtundu wina. Dziko lija lili ndi zigawo 50, chilichonse ndi bwanamkubwa wake ndi nyumba yake ya malamulo. Pansi pa chigawo pali maboma aang'ono, makhonsolo a mizinda ndi makomiti oyendetsa masukulu. Amenewa ndiwo amadalira msonkho wa nyumba ndi malo. Pamakhala munthu woyesa mtengo wa nyumba iliyonse, kenako mwini wake amalipira kagawo ka mtengowo chaka ndi chaka. Ndalamayo imatsala m'deralo, kulipira aphunzitsi, apolisi, ozimitsa moto, kukonza misewu ya m'makwalala ndi kutsegula malaibulale. Ku California chisanafike chaka cha 1978, khonsolo iliyonse ndi komiti ya sukulu iliyonse inkadziikira yokha mlingo wa msonkho wake. Anthu akafuna sukulu yabwinoko ankavomera kusonkha zambiri, ndipo makhansala akamawononga ndalama ankawachotsa pa chisankho.

Vuto linayamba pamene mitengo ya nyumba inakwera mothamanga m'zaka za m'ma 1970. Nyumba yomweyo, denga lomwelo, koma woyesa mitengo akabwera akuti tsopano yakwera kawiri, msonkhonso n'kukwera kawiri. Pa nthawiyo anthu ankalipira pakati pa 2 ndi 3 peresenti ya mtengo wa nyumba pachaka. Amene zinawapweteka kwambiri ndi okalamba odalira penshoni. Taganizani mayi wamasiye amene anamaliza kulipira ngongole ya nyumba yake kalekale, sakugulitsa, sakuchititsa lendi, ndalama imene amalandira ndi yomweija, koma kalata ya msonkho ikubwera yaikulu chaka chilichonse. Ambiri anachita mantha kuti achoka m'nyumba zawo chifukwa cha msonkho. Dandaulo lawo linali loona, ngati la alamu anga.

Chowawitsa mtima n'chakuti nthawi yomweyo boma la chigawo, ku likulu lawo ku Sacramento, linali ndi ndalama zotsala mabiliyoni a madola zongokhala m'nkhokwe. Mu 1977 aphungu anakangana chaka chonse za mmene angapepuzire eni nyumba, osagwirizana kanthu. Anthu anatopa nawo.

Apa ndi pamene anatulukira mkulu wina wotchedwa Howard Jarvis, wa zaka za m'ma 70, amene ankayankhulira bungwe la eni nyumba zochititsa lendi ku Los Angeles, pamodzi ndi mnzake Paul Gann. Ku California malamulo amalola kuti anthu wamba akasonkhanitsa masiginecha okwanira, nkhani yawo ipite pa voti ya anthu onse, ngati referendamu yathu ija ya 1993. Awiriwa anasonkhanitsa masiginecha oposa 1 miliyoni. Nkhani yawo inalembedwa nambala 13 pa pepala lovotera, n'chifukwa chake mpaka lero imatchedwa Proposition 13. Bwanamkubwa wa nthawiyo, Jerry Brown, anaitsutsa. Aphungu, atadzidzimuka mochedwa, anaika pa pepala lomwelo maganizo awo, Proposition 8, yopepuza msonkho wa nyumba zokhalamo eni ake zokha. Pa 6 June 1978 anthu anavota. Ya aphungu inagwa, ya Jarvis inapambana ndi mavoti pafupifupi 65 pa 100 alionse.

Lamulolo linanena zinthu zinayi zikuluzikulu. Choyamba, msonkho usapitirire 1 peresenti ya mtengo wa nyumba kapena malo. Chachiwiri, mitengo yonse ibwerere pamene inali mu 1975. Chachitatu, kuchokera pamenepo mtengo wowerengerapo msonkho usakwere kuposa 2 peresenti pachaka, ngakhale pamsika nyumbayo itakwera kakhumi. Uyesedwenso pokhapokha nyumba ikagulitsidwa kapena pakamangidwa china. Chachinayi, aphungu akafuna kukweza msonkho wina uliwonse wa chigawo, pafunike mavoti awiri mwa atatu alionse, ndipo chimodzimodzinso khonsolo ikafuna msonkho wapadera, anthu awiri mwa atatu ovota avomere. Zonsezi zinalowa m'malamulo aakulu a chigawocho, moti aphungu sangazisinthe paokha.

Chabwino chake tisachibise. Mayi wamasiye uja anagona tulo. Msonkho wake unatsika nthawi yomweyo, ndipo kuyambira pamenepo munthu akagula nyumba amadziwiratu zimene azilipira mpaka ukalamba wake. N'chifukwa chake lamuloli limakondedwabe kumeneko.

Koma walira mvula walira matope. Chaka choyamba chomwe, ndalama za msonkho wa nyumba ndi malo zinatsika ndi zoposa theka. Masukulu ambiri anathetsa makalasi a nthawi ya tchuthi chachikulu cha 1978. Malaibulale anachepetsa maola, nthambi zina kutsekedwa. Zinthu zimene kale zinali zaulere kapena zotchipa, monga mabwalo a masewera ndi maphunziro a akuluakulu, zinayamba kulipiritsa. Komabe chipasupasu chimene otsutsa ankalosera sichinachitike chaka chimenecho, chifukwa Sacramento inatsegula nkhokwe ija n'kugawira makhonsolo ndi masukulu madola oposa 4 biliyoni. A Jarvis ndi anzawo anati mwaona, tinkanena kuti ndalama zilipo. Jerry Brown yemwe anatembenuka n'kuyamba kudzitcha wodula misonkho, ndipo anapambananso chisankho kumapeto kwa chaka chomwecho.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere bwino, chifukwa ndi pamene ine ndinadzuka n'kukhala tsonga pamphasa. Nkhokwe ya Sacramento sinali yopanda malire, ndipo thandizo lake silinali laulere. Popeza msonkho unali tsopano 1 peresenti imodzi yokha ya onse, panafunika wina wogawa: zingati zipite ku sukulu, zingati ku khonsolo ya mzinda, zingati kwa ozimitsa moto. Lamulo linapereka ntchito imeneyo kwa aphungu a ku Sacramento, ndipo mu 1979 anakhazikitsa ndondomeko yogawira potengera mmene dera lililonse linkatolerera msonkho 1978 isanafike. Dera limene linkasonkha zochepa nthawi imeneyo linatsala ndi kagawo kochepa mpaka kalekale, ngakhale anthu atachuluka bwanji. Khansala amene kale ankatha kuuza anthu ake kuti tiyeni tiwonjezere pang'ono tigule galimoto ya moto, tsopano anayenera kupita ku likulu kukapempha. Anthu anavota pofuna kulanga boma lalikulu limene linkaumira ndalama, koma mapeto ake mphamvu zinachoka kwa makhansala amene ankakumana nawo pamsika n'kupita ku boma lalikulu lomwelo.

Masukulu ndi amene anasintha kwambiri. Kale gawo lalikulu la ndalama zawo linkachokera m'dera mwawo. Pambuyo pake gawo lalikulu linayamba kuchokera ku Sacramento. Chilungamo chake n'chakuti si Proposition 13 yokha inachititsa zimenezi. Panali kale chigamulo cha khoti pa mlandu wa Serrano, mu 1971 ndi 1976, chonena kuti si bwino ana a m'madera osauka kulandira zochepa chifukwa nyumba za kwawo n'zotchipa. Koma zotsatira zake n'zakuti California, imene inali m'gulu la zigawo zoika ndalama zambiri pa mwana aliyense wa sukulu, inatsika n'kukhala zaka zambiri pansi pa zinzake zochuluka. Komanso ndalama za sukulu zinayamba kudalira misonkho ya malipiro ndi ya malonda, imene imakwera ndi kutsika ndi chuma, pamene msonkho wa nyumba umakhazikika ngati chinangwa, chaka cha mvula ndi cha chilala chomwe.

Kuopsa kodalira nkhokwe ya mwini kunaonekera mu 1992 ndi 1993. Chuma chitavuta, boma la chigawo, nthawi ya bwanamkubwa Pete Wilson, linatenga mabiliyoni a madola a msonkho wa nyumba amene ankapita ku maboma aang'ono ndi makhonsolo n'kuwakankhira ku masukulu, kuti lokha lichepetse zimene linkayenera kupereka. Makhonsolo analira koma analibe chochita, chifukwa wogawa ndiye anali ndi mpeni. Malaibulale ndi mapaki anavutikanso kachiwiri.

Chinthu china chimene ambiri sanachiganizire pa tsiku lovota ndi kusiyana kwa anthu oyandikana nyumba. Popeza mtengo umayesedwanso pokhapokha nyumba ikagulitsidwa, amene anagula kale amalipira zochepa, wobwera kumene amalipira zambiri, nyumba zofanana, msewu umodzi, apolisi amodzi. Mayi wina, Stephanie Nordlinger, anagula nyumba ku Los Angeles mu 1988 pa madola 170,000, n'kupeza kuti akulipira pafupifupi kasanu kuposa aneba ake amene anakhalapo kuyambira kale. Anapita mpaka ku khoti lalikulu la dziko lonse la America, koma mu 1992 oweruza 8 mwa 9 anati lamulolo silikulakwira malamulo a dziko. Mu 2003 mpondamatiki Warren Buffett anadziulula yekha kuti nyumba yake ya ku Laguna Beach ku California, ya madola pafupifupi 4 miliyoni, ankailipirira madola 2,264 pachaka, pamene nyumba yake ya ku Omaha, chigawo china, ya madola pafupifupi 500,000, ankailipirira oposa 14,000. Lamulo loteteza mayi wamasiye linatetezanso mmodzi wa anthu olemera kwambiri padziko. Olemedwa nalo ndi achinyamata amene akugula nyumba yawo yoyamba.

Musaiwalenso kuti lamuloli silinasiyanitse nyumba yogonamo ndi fakitale, hotela, sitolo yaikulu kapena nyumba zochititsa lendi. Zonse zinapepukiridwa chimodzimodzi, ndipo gawo lalikulu la ndalama zimene zinapulumutsidwa linapita kwa eni mabizinesi ndi eni malo ochititsa lendi. Alendi anauzidwa kuti msonkho ukatsika lendi nayo itsika. Ambiri sanaione ikutsika, ndipo mkwiyo wawo ndi umene unabweretsa malamulo oletsa kukweza lendi mwachisawawa m'mizinda ngati Santa Monica ndi San Francisco mu 1979.

Nanga makhonsolo anatani? Ntchito sizinathe ayi, zinyalala zinkatulukabe, moto unkabukabe. Anayamba kufunafuna ndalama m'makona ena. Anakweza ziphaso ndi malipiro a ichi ndi icho. Womanga nyumba zatsopano anayamba kulipiritsidwa ndalama zambiri za misewu, mapaipi ndi sukulu, iye n'kuziika pa mtengo wa nyumbayo. Mu 1982 kunabwera lamulo lotchedwa Mello-Roos lolola kuti madera omangidwa kumene azilipira msonkho wina wapadera pamwamba pa 1 peresenti ija. Mizinda inayambanso kukonda kupereka malo kwa masitolo akuluakulu ndi ogulitsa magalimoto kusiyana ndi omanga nyumba zokhalamo anthu, chifukwa sitolo imabweretsa msonkho wa malonda, pamene nyumba imabweretsa ana ofuna sukulu. Madzi ukawatsekera pamzere uwu amaboola pamzere wina, alimi anzanga mukudziwa.

Ndipo chinthu chikalowa chotere kuchichotsa n'kovuta. Mu 2020 panali voti yofuna kuti malo a mabizinesi akuluakulu okha aziyesedwa pa mtengo weniweni wa pamsika, nyumba zogonamo zisakhudzidwe, ndalamazo zipite ku masukulu ndi makhonsolo. Inagwa, ngakhale pang'ono pokha. Nkhaniyi sinathe ku America. Chigawo cha Massachusetts chinatsatira mu 1980 ndi lamulo lake lochepetsa msonkhowu. Mu 2024 anthu a ku North Dakota anafunsidwa ngati msonkho wotengera mtengo wa nyumba ndi malo uthe, iwo anakana. Mu 2025 bwanamkubwa wa Florida, Ron DeSantis, anakhala akulankhula zothetsa msonkho wa nyumba zokhalamo eni ake, ndipo funso la makhonsolo a kumeneko ndi lomwe lija la 1978: apolisi ndi ozimitsa moto alipidwa ndi ndani?

Tsopano tibwerere kwathu. Ife sitikufunika kuuzidwa mmene zimakhalira khonsolo ikamadalira likulu, tikukhala momwemo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linalonjeza mphamvu ku anthu, koma makhonsolo a m'maboma ngati lathu lino amatolera zochepa, za ziphaso ndi matikiti a pamsika, zotsalazo amadikira kuchokera ku Lilongwe. Zikachedwa, zonse zimaima. Kuyambira 2005 mpaka 2014 tinakhala opanda makhansala n'komwe, ndipo ambiri sitinaone kusiyana kwenikweni, chifukwa khansala wopanda thumba lake ndi mthenga chabe. Mizinda ngati Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba ili ndi mwayi umodzi umene ife tilibe, ndiwo ma city rates omwewo. Ndi ndalama yokhayo yaikulu imene mzinda umatolera wokha, ndipo ndi imene imapatsa mwini nyumba pakamwa pofunsira.

Ndiye alamu, yankho langa ndi ili, ndikulemba pagulu poti pakhonde paja ndinangoti tidzakambirana. Mukunena zoona kuti kulipira galimoto ya zinyalala osaiona n'kuberedwa. Koma msonkhowo ukachotsedwa galimotoyo sibwera ayi, ndipo mudzataya chifukwa chimene muli nacho lero chopitira ku khonsolo ndi lisiti m'manja n'kufunsa kuti ndalama yanga ili kuti. Gwirizanani ndi aneba anu, itanani khansala wanu, funsani kuti m'dera lanu munatoleredwa zingati ndipo zinagwira chiyani. Ngati pali okalamba ndi amasiye amene sangakwanitse, menyerani kuti iwowo apepukiridwe. Aphungu a ku California akanachita zimenezi mu 1977, nthawi ikadalipo, mwina anthu sakanafika pogwetsa mtengo wonse chifukwa cha nthambi imodzi.

Za mjigo wathu ndi chimodzimodzi, kungoti n'zazing'ono. Amene mukuti K500 ithe, ndakumvani, ndipo ndikudziwa kuti chakukwiyitsani n'chakuti papita nthawi komiti isanatiwerengere ndalama pagulu. Pamenepo ndili nanu. Koma mukukumbukira chaka chija mapaipi anathothoka tilibe kanthu m'thumba? Tinatha miyezi itatu amayi akutunga kudambo, ana akutsegula m'mimba, ife tikulemba makalata opempha kwa anthu amene sadziwa n'komwe kumene mudzi uno uli. Mjigo unakonzedwa tsiku limene iwo anafuna.

Loweruka ndidzapempha zinthu zitatu pamaso pa a mfumu. Msungichuma abwere ndi kope awerenge zolowa ndi zotuluka, ndipo azitero miyezi itatu iliyonse. Agogo athu okhala okha, ndi makomo amene akulera ana amasiye, asamalipire, tiwalembe mayina pamsonkhano pomwepo aliyense akuona. Ena tonsefe tipitirize kusonkha mofanana, wobadwira pano ndi wobwera chaka chatha, pasakhale woti ine ndinayamba kale kumwa pamjigowu.

Amene muli ndi maganizo ena lembani m'munsimu, koma mwaulemu, tsamba lino amawerenganso apongozi anga. A ku tauni, tiuzeni mmene ma city rates akuyendera kwanuko, makamaka ngati pali dera limene anthu anafunsa n'kuona kusintha. Msonkhano uyamba 2 koloko pansi pa mkuyu, ndipo amene adzachedwe asadzati sanamve.